Malemu Alankhula pa Lapani

Mu ufumu wa Tamvabwana, dziko limene simungalipeze pa mapu ngakhale mutavala magalasi awiri, galimoto zinaphunzira kumverana anthu asanayambe. Zinachitika m'chaka chachisanu cha Mfumu Ndanena Wachitatu, pamene akatswiri a kusukulu ya ukachenjede anapanga timawailesi tomangirira pansi pa chiwongolero. Galimoto ikaponda mabuleki mwadzidzidzi, kawailesi kake kankauza zinzake za m'mbuyo. Ikapeza ng'ombe zitagona pamsewu, kapena dzenje lomeza tayala, nkhaniyo inkafika kwa onse dalaivala asanatsirize n'kutukwana komwe.

Mumlengalenga mwa Tamvabwana munali tinjira tisanu ndi tiwiri todutsamo mawu a timawailesito. Galimoto zinali zikwizikwi, tinjira n'tomweto. Koma akatswiri aja anaika mu timawailesi khalidwe la amayi a pamjigo. Kawailesi kankayamba katchera khutu. Kakapeza kanjira kopanda munthu, kankanena zake msangamsanga n'kuchokapo kuti ena alowe. Kakamva kuti kwabwera wina wa nkhani yofulumira kuposa yake, kankapatuka n'kudumphira kanjira kena. Panalibe wolanda malo, panalibe wogona pamzere. Nkhalamba za pamsika wa Tilipobe zinkati sizinaonepo chinthu cha boma chaulemu chotere, ndipo zinkakayika ngati chikhalitse.

Amene anakakonda kawailesika kuposa onse anali Delifa Chapola, mayi woyendetsa minibasi pakati pa msika wa Tilipobe ndi likulu la Mpandowanga. Msewu umenewo umakwera phiri la Gwiramtima, ndipo pakati pa phiri pali khona yotchedwa pa Lapani, pamene wokwera ndi wotsika amaonana atagundana kale mphuno. Minibasiyo ndiyo inkadyetsa ana ake anayi pamodzi ndi mlamu wake Zakeyu, bambo wa imvi amene ankagwira ntchito ya ukondakitala mofatsa ngati mkulu wa mpingo. Delifa anali dalaivala wabwino. Iye ankadziwa zimenezo, ndipo ankaonetsetsa kuti inunso mudziwe musanatsike.

Mavuto anayamba tsiku limene a Kamtedza, Nduna Yoona za Mumlengalenga ndi Zina Zosaoneka, ankapita kukatsegulira chimbudzi cha pasukulu ina. Kawailesi ka galimoto yawo kanali pakati pouza anthu kuti apatuke nduna ikudutsa, pamene lole ya kabichi inaduka mabuleki pamtsetse. Kawailesi ka nduna kanamva, kanakhala chete, n'kupereka mpata kwa lole ija. Anthu onse anapulumuka, anamwazika ndi kabichi yekha. Koma a Kamtedza anathamangira kunyumba ya mfumu kukadandaula, chifukwa chibadwire cha ufumuwo nduna inali isanadulidwepo mawu ndi ndiwo zamasamba.

Bwalo la nduna linakhala masiku atatu. Linagwirizana kuti timawailesi tinali ndi nzeru ndithu, koma tinalibe mwambo, ndipo chinthu chopanda mwambo sichingasiyidwe kuti chizigawa chokha mlengalenga wa mfumu. Tsiku lachinayi a Kamtedza anaima pakhonde, anakonza tayi, n'kuwerenga lamulo la kagawidwe kachilungamo.

Kanjira koyamba kanali ka mfumu. Kachiwiri kanali kopumiramo mawu a mfumu akatopa. Kachitatu kanapita kwa mfumukazi, kachinayi kwa nduna, kachisanu kwa akazi a nduna poti nawonso sasowa chonena. Kachisanu ndi chimodzi kanaperekedwa kwa makolo, makamaka malemu Ndanena Wachiwiri, bambo a mfumu, pakuti munthu amene analamula dziko zaka makumi atatu sangasowe kanjira chifukwa chongoti anamwalira. Kotsalako kanali ka ena onse: maminibasi, malole, njinga zamoto, mathirakitala ndi maambulansi.

Katswiri wina wolimba mtima anayesa kufotokoza kuti tinjira ta akuluakulu tizikhala topanda munthu pafupifupi tsiku lonse. Anapempha kuti timawailesi ta anthu wamba tiziloledwa kudutsamo eni ake akakhala chete, n'kumapatuka akangoyamba kulankhula, monga tinapangidwira.

A Kamtedza anamuyang'ana momumvera chisoni. "Bwana akakhala chete ndiye kuti akuganiza," anatero. "Kodi iwe umalowa m'nyumba ya mwini chifukwa wapeza muli zii?"

Katswiriyo anakwezedwa pantchito tsiku lomwelo, n'kutumizidwa kumalire kukayang'anira mitambo.

Kawailesi ka munthu wamba aliyense kanamangidwa ndi chidindo chofiira, chokakamiza kuti kazilankhula pa kanjira kotsiriza kokha. Kumva kanali ndi ufulu womva ponseponse, chifukwa ku Tamvabwana kumva sikunaletsedwepo. Wothyola chidindo chilango chake chinali chimodzi: galimoto yake kulandidwa, n'kukasanduka khola la nkhanga za mfumu.

Sabata isanathe, kanjira ka anthu wamba kanadzaza ngati minibasi ya tsiku la msika. Mauthenga ankaima pamzere kudikirana. Chenjezo lakuti pamsewu pali mbuzi linkafika mbuziyo ili kale pachiwaya. Pamsika wa Tilipobe anthu sanadandaule, poti kudandaula nakonso kunalibe kanjira. Mai Jeleniya, ogulitsa zitumbuwa pafupi ndi siteji, anangoti lamulolo lawalimbitsa mtima, chifukwa laonetsa kuti boma limaganizira munthu akangomwalira, ndipo iwo zaka zawo zinali zitayandikira.

Delifa anapirira masabata atatu. M'mawa wina akukwera pa Lapani ndi anthu odzaza, anangoona basi yaikulu ili pamphuno pake. Anakhotetsa chiwongolero, tayala limodzi linanunkhiza phompho, amayi a kumbuyo anayamba nyimbo ya maliro. Anadutsa, n'kukafika ku Mpandowanga. Atazimitsa injini m'depoti, kawailesi kanatsokomola n'kunena mwaulemu kuti asamale, pa Lapani pakutsika basi.

Anthu atatsika, Delifa anatulutsa pulayala pansi pa mpando.

"Alamu," anatero Zakeyu, "nkhanga za mfumu zilibe kogona, mukudziwa?"

"Ndikudziwa, alamu. Koma ndikagwera kuphompho minibasiyi sidyetsanso munthu."

"Ikalandidwanso sidyetsa munthu."

"Ndiye tisankhe imfa yochedwa," anatero Delifa, n'kudula chidindo chija.

Ankaopa, ndipo tisamunamizire kulimba mtima kumene analibe. Anaphimba kawailesi ndi kansalu, ndipo akaona wapolisi ankakonzanso kansaluko. Koma kawailesi kanabwerera ku khalidwe lake lakale. Kankatchera khutu, kakapeza kanjira kopanda munthu n'kulankhula, n'kuchokapo. Kanali ndi kanyali kosonyeza nambala ya kanjira kamene kadutsamo, ndipo nthawi zambiri kanyaliko kankasonyeza kachisanu ndi chimodzi. Akazi a nduna ankalankhula kuyambira m'mawa, nduna zinkalankhula zikakhuta, koma makolo anali anthu osunga pakamwa. Madalaivala ena ankalandira machenjezo a Delifa nthawi yake, ndipo sanafunse kumene akuchokera.

Lachinayi lina masana, Delifa akukwera phiri, anapeza lole ya nzimbe itagona chopingasa pa Lapani penipeni, matayala m'mwamba. Dalaivala wake anali atakhala pamwala akuyang'ana nzimbe zake. Delifa anaimika minibasi. Nthawi yomweyo kumtunda kunamveka kulira kwa mdipiti wa mfumu, ukutsika phiri paliwiro limene mdipiti wokha umaloledwa. Panalibe nthawi yothamanga kukaimika nthambi pamsewu. Kanyali ka kawailesi kanaphethira pansi pa kansalu.

Chimene Delifa sankadziwa n'chakuti kawailesi ka m'galimoto ya mfumu kanachunidwa kuti kazimva okhawo oyenera kulankhula ndi mfumu, ndiye kuti mfumu yomweyo ndi makolo ake. Chiikireni, kanali kasanamvepo mawu a munthu wina, poti mfumu inali isanadutsepo pafupi ndi minibasi ya Delifa. Tsiku limenelo kanalankhula: uthenga wa pa kanjira ka makolo, imani, pa Lapani pagona lole.

Mabuleki analira phiri lonse. Galimoto khumi ndi ziwiri zinaima motsatizana, yoyamba itatsala mapazi atatu kuti ilowe mu nzimbe. Delifa anasuzumira kuseri kwa lole, n'kuona Mfumu Ndanena Wachitatu ikutuluka m'galimoto, chisoti chili pambali. Inayang'ana lole, inayang'ana phompho, kenako inagwada pa phula n'kuyang'ana kumwamba.

"Bambo," inatero, misozi ikutsika.

Pofika Lachisanu dziko lonse linali litamva. Mfumu inalengeza sabata ya chikondwerero. Ng'ombe zisanu ndi ziwiri zinaphedwa kumanda a malemu, makwaya anapeka nyimbo, ndipo kunatuluka nsalu yokhala ndi nkhope ya Ndanena Wachiwiri atagwira kawailesi, ngakhale mwini wakeyo anamwalira timawailesi tisanabwere.

Munthu wanzeru akanakhala chete. Zakeyu anamupempha mlamu wake kuti atseke pakamwa ngakhale masiku atatu okha. Koma Delifa anali atapulumutsa mfumu ya dziko, ndipo nkhani yotere siikhala m'mimba mwa munthu ngati iye. Anauza Mai Jeleniya mwachinsinsi. Kenako anauza ogulitsa tomato, nawonso mwachinsinsi. Pofika masana anali ataima pa sitepe ya minibasi akufotokozera msika wonse, akuonetsa ndi manja mmene mdipiti unaimira. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Loweruka m'mawa kunabwera asilikali a unduna wa a Kamtedza, anavundukula kansalu kaja, napeza chidindo palibe. Minibasi anaikoka ulendo wa kunyumba ya mfumu, Delifa akuitsatira pambuyo wapansi.

Mlandu unazengedwa Lolemba m'bwalo lalikulu, mfumu ili pampando. Pawindo Delifa ankatha kuona minibasi yake itaimikidwa kuseri kwa khitchini, nkhanga ziwiri zitakwera kale padenga kuyendera nyumba yatsopano. Anaganiza za ana ake.

A Kamtedza anaimirira atavala malaya osokedwa ndi nsalu ya chikondwerero, nkhope ya malemu ili pamimba. Sabata imeneyo anali ndi ntchito ziwiri, kukonza chikondwerero ndi kukonza mlandu, ndipo anali asanapeze mpata woziyang'ana pamodzi. Analankhula ola lathunthu. Anati mayiyu anathyola chidindo cha boma. Anati analowa m'kanjira ka makolo ndi mapazi afumbi. Anati Lachinayi masana, pa Lapani, kawailesi kake kanalankhula pamalo opatulika, ndipo mboni ndi msika wonse wa Tilipobe, umene unamva kuchokera pakamwa pake pomwe. Anapempha kuti nkhanga zilowe m'minibasimo dzuwa lisanalowe.

Mfumu inafunsa ngati woimbidwa mlandu ali ndi womulankhulira. Zakeyu anadzuka pang'onopang'ono, anagwada, anaomba m'manja katatu.

"Mwini dziko, ine sukulu ndinalekera panjira, ndiye mundikhululukire ndikafunsa zopusa. Lachinayi lija pa Lapani, pa kanjira ka makolo panamveka uthenga umodzi wokha. A nduna akuti unali wa alamu angawa." Anakanda imvi zake. "Ndiye kuti malemu aja sanalankhule?"

A Kamtedza anatsegula pakamwa, anayang'ana nkhope ya pamimba pawo, n'kutsekanso. Ng'ombe zinali zitadyedwa kale. Nyimbo zinali zitaphunzitsidwa m'masukulu. Mfumu inali itagwada pa phula pamaso pa anthu, ndipo panalibe nduna yofuna kuiuza kuti inagwadira minibasi. Khoswe anali atakhala pamkhate.

Mfumu inawerama n'kuyang'ana Delifa. Nkhope yake sinali ya munthu wolamula dziko. Inali ya mwana amene bambo ake sanamuyamikirepo ali moyo, ndipo wangomva kumene kuti amamukonda.

"Mayi," inatero motsitsa mawu, "inu munalipo. Ndiuzeni. Anandiimitsa pa Lapani ndani?"

Mawu akuti ndine anafika pa lilime la Delifa n'kuima pamenepo. Anali ake. Chinali chinthu chachikulu kuposa zonse zimene anachitapo, ndipo kumbuyo kwa bwalo kunali anthu a ku Tilipobe amene anawafotokozera ndi manja omwe. Akanena zoona, dziko lidziwa dzina lake ndipo minibasi ipita. Akakana, asanduka wabodza wa pamsika. Anayang'ananso pawindo. Nkhanga zinali zitakwana zinayi.

"Anali bambo anu, Mwini dziko," anatero. "Kawailesi kanga kanali duu. Za kumsika zija ndinkangocheza."

Zinamuwawa kwambiri, kuposa mmene ankayembekezera. Mfumu inapuma mozama n'kutsamira kumpando, ndipo nduna zonse zinapuma nayo limodzi.

Panatsala nkhani ya chidindo. Mlembi wa bwalo, munthu wosadziwa nthawi yokhala chete, anakumbutsa kuti asilikali anapeza chidindocho palibe. Apa ndi pamene a Kamtedza anaonetsa chifukwa chimene anakhalira nduna zaka zambiri. Anati chidindo cha boma sichingathyoledwe ndi dzanja la munthu wamba. Choncho chidindocho chilipo, kungoti n'chosaoneka, ndipo zinthu zosaoneka zili pansi pa unduna wawo. Analonjeza kupereka kalata yotsimikizira.

Mfumu inalamula kuti mayiyo apatsidwe makiyi ake. Inawonjeza kuti popeza naye anali pa Lapani tsiku lija, ndiye kuti malemu anapulumutsa ndi iye yemwe, choncho ayenera kuthokoza. Delifa anagwada kutsogolo kwa chithunzi cha Ndanena Wachiwiri, makiyi atawafumbata, n'kuthokoza malemuwo chifukwa choganizira ngakhale anthu wamba ngati iye. Zakeyu anavomereza ndi ameni wamphamvu.

Bwalo lisanabalalike, mfumu inapereka lamulo latsopano. Popeza makolo ayamba kulankhula, si bwino kuwapanikiza m'kanjira kamodzi ngati anthu wamba. Inawawonjezera tiwiri, ka akazi a nduna ndi kaja kopumiramo mawu a mfumu. Nduna zinawomba m'manja, zikuganiza za mmene zikafotokozere kunyumba.

Delifa anathamangitsa nkhanga, anatsuka padenga, n'kutsika phiri. Ankayembekeza kuti pamsika amuseka mpaka chaka chithe. Atafika pa siteji anapeza madalaivala ataima pamzere, osati kudzamuseka, koma kudzabwereka pulayala. Pofika Lachitatu galimoto zonse za ku Tilipobe zinali ndi zidindo zosaoneka, ndipo apolisi sakanatha kutsutsa, poti kalata ya nduna inali itamatidwa pa galasi la Delifa. Timawailesi tinayambanso kutchera khutu, kudikirana ndi kupatukirana m'tinjira titatu ta makolo, ndipo machenjezo ankafika mbuzi ikadali moyo.

Mfumu nayo inkamva zonse. Malemu anasanduka munthu wolankhula kwambiri, wodziwa dzenje lililonse la m'misewu ya Tamvabwana. Akatchula dzenje m'mawa, pofika madzulo lakwiriridwa. Akatchula mlatho wogwedera, nduna inkagona komweko. Ntchito imene anthu amoyo anaipempha zaka makumi awiri inkatha sabata imodzi, ndipo mfumu inkauza alendo monyadira kuti bambo ake akugwira ntchito kuposa kale.

Mai Jeleniya ndiwo anayambitsa dzina. Delifa akamadutsa ankamupatsa chitumbuwa chotentha n'kufunsa kuti a Malemu adzuka bwanji. Msika wonse unatengera. Ankamuitana choncho mwachikondi, ndipo iye ankaseka nawo, koma sanafotokozenso nkhani ya pa Lapani kwa munthu aliyense.

Tsiku lina akukwera Gwiramtima, anadutsa pa Lapani pamene anthu a boma ankakulitsa khona molamulidwa ndi makolo. Pambali pa msewu anali ataimika mwala wolembedwa dzina la Ndanena Wachiwiri, mpulumutsi wa apaulendo. Delifa anauyang'ana, anasintha giya, osanena kanthu mpaka pamwamba pa phiri. Zakeyu anafunsa ngati akudwala, poti chete wotere sanamuzolowere.

"Zaka makumi anayi ndakhala ndikulankhula m'dziko muno, alamu," anatero Delifa. "Andimva kamodzi kokha, ndipo n'chifukwa ankayesa ndine wakufa."



"Ndiye musafulumire kuuka, alamu," anatero Zakeyu. "Msewu wa kwathu sanaukonze."